Mbali ya Kukhoma

Panali munthu wina, dalaivala wa malole, dzina lake Matewere. Munthuyu anamanga nyumba ku Chilobwe n'kulowamo isanathe.

Musandiyang'ane ngati ndanena zachilendo. Ambiri takhala munofe nyumba zathu tinalowa momwemo. Njerwa zikangofika pamwamba, malata n'kukhomedwa, chitseko cha kumaso n'kuikidwa, basi munthu watopa ndi lendi, wayamba kale kumanga katundu. Matewere nayenso anatero. Anauza mkazi wake Nangondo kuti, "Tiyeni tilowe. Zotsalazi tidzamalizira momwemo."

Nangondo anavomera ndi mtima wonse. Nthawi imeneyo anali mtsikana, mwana woyamba ali kumsana, ndipo zinamukomera kuti tsopano agona pake. Mawindo akuchipinda anatseka ndi makatoni. Kukhitchini pansi panali dothi, iye n'kumazira ngati ali kumudzi. Siling'i munalibe, moti munthu ukagona chagada umaona misomali ya malata. Pabalaza pokha ndi pamene panaikidwa pulasitala ndi penti, pajatu ndi pofikira alendo.

Zaka zinayamba kuyenda. Ana anabadwa, anakula, anaphunzira, anakwatira. Makatoni ena analowedwa m'malo ndi magalasi, koma zambiri zinakhala momwe zinalili. Chitseko cha kukhitchini chinatsika n'kumakhula pansi, ndipo potsegula pamafunika kuchinyamula ndi bondo uku ukukankha. Mpope wa panja unayamba kudontha, Nangondo n'kuumanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Mphira ikatha ankamanga ina.

Mvula ya chaka chachiwiri itabwera, Nangondo anati, "Bambo, kuchipinda kukudontha."

Matewere anati, "Ndikabwera ulendo uno ndiitana mmisiri."

Anapita, anabwera, anapitanso. Chaka china Nangondo anakumbutsa, yankho linali lomwelo. Anadzanenanso kena, kenako anangosiya. Tsiku lina poyala bedi anati, "Inu muzigona mbali ya kunoku, ine ndizigona kukhoma. Mumadzuka m'mamawa, musamavutike kundidumpha." Matewere anaona kuti mkazi wake waganiza bwino, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Tsono ndisamunamizire munthuyu. Matewere sanali woipa. Mowa sankamwa, mkazi sanamuikepo dzanja, ana sanagonepo ndi njala kapena kubwezedwa kusukulu. Kungoti nyumba yake ankaiona ngati mmene amaionera mlendo. Akabwera ku ulendo ankalowera kumaso, n'kukhala pampando wake pabalaza. Madzi osamba ankawapeza atafunda, chakudya chili patebulo, pogona pali pouma. Ndiye akakhala pa bawo ndi anzake ankadziguguda pachifuwa kuti, "Ine nyumba yanga sidontha!" Ndipo sankanama dala ayi. Dontho la mvula linali lisanamugwerepo.

Nthawi inakwana, Matewere anapuma pa ntchito. Anzake amene ankayendetsa nawo malole anali atagula mapuloti cha ku Mpemba, akumanga nyumba za mipanda yaitali ndi mageti achitsulo. Matewere anapita kukaona, mtima n'kuyamba kumuyabwa. Pobwera anakhazika mkazi wake pansi.

"Nangondo, nyumba ino yakalamba, ndipo malo ano athinana. Tigulitse, tikamange ina ku Mpemba. Tikangofolera tilowa. Zotsalazo tidzamalizira momwemo."

Mwamva? Mawu omwe aja! Koma amene ankawamva tsopano sanalinso mtsikana wa mwana kumsana. Anali mayi wa imvi, mawondo olira akamadzuka, ndi chifuwa chimene chinkabwera dzinja lililonse n'kumukhalitsa mpaka masika. Mayi ameneyu chikwatiwire anali asanagonepo m'nyumba yotha, ndipo tsopano ankauzidwa kuti akayambirenso makatoni m'mawindo, pa ukalamba. Anayang'ana manja ake, kenako anati, "Mwini nyumba ndinu, bambo."

Matewere anapeza mayi wina wogulitsa nyumba za anthu, amene masiku ano mumati ajenti. Mayiyu anafika pa galimoto yake, ndipo manyazi anawasiya kwawo. Sanakhale pabalaza kudikira tiyi. Analowa chipinda ndi chipinda, maso kudenga, maso pansi. Atafika pa chitseko cha kukhitchini anakankha, osatheka. Anakankhanso ndi phewa, osatheka. Nangondo anabwera, anaika bondo, chitseko n'kutseguka.

Ajenti uja anati, "Bambo, malo ndi abwino, koma nyumbayi momwe ililimu palibe angaitenge. Wogula sagula malonjezo. Amagula zimene maso ake aona tsiku limenelo. Denga likonzedwe, siling'i aikidwe, zipinda zonse pulasitala ndi penti, kukhitchini simenti, chitseko ichi chichoke, mpope uja usinthidwe. Zithunzi za ana anu ndi makalendala akalewa mutsitse, munthu akalowa aziona banja lake, osati lanu. Makatani ndi maluwa ndibwera nazo ndine."

Matewere ankangogwedeza mutu. "Zoona mayi, zoona, zitheka zimenezo."

Koma abale! Ine nkhani imeneyi ikafika apa magazi amandiwira. Zonse zimene ananena ajentiyo, palibe n'chimodzi chomwe chimene Nangondo anali asananenepo. Iye ankanena mofatsa, atagwada, atadikira kaye kuti bambo adye akhute, ndipo mawu ake ankangopita ndi mphepo. Wabwera munthu wosamudziwa n'komwe, walankhula chiimire m'mawa umodzi, tsiku lotsatira mchenga watsitsidwa pabwalo. Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Sindikutsutsa. Koma nthawi zina lumo la pakhomo limakhala lakuthwa chimodzimodzi, kungoti mutu ndi umene umakana kumetedwa.

Chifukwa cha fumbi la simenti ndi fungo la penti, Nangondo anatumizidwa ku Balaka kwa mwana wawo wamkazi, kuti chifuwa chija chingadzuke. Matewere anatsala yekha ndi amisiri.

Ntchito inayenda bwino mpaka inafika kuchipinda chogona. Chipindacho chinali chaching'ono, ndipo bedi lawo la mlombwa linalibe kwina kokhala koma pakona pomwe analiika tsiku lolowa. Chiikire linali lisanasunthidwepo. Masana a tsiku limenelo kunagwa mvula yoyamba ya chaka, yamphamvu ndithu, amisiri n'kutsika padenga kulowa m'nyumba. Mmisiri wamkulu anati, "Pamene tikudikirapa tiyeni tikankhe bedili, tione khoma."

Anagwira awiriwiri, nalikoka.

Khoma la kuseri kwa bedilo linali bii ndi chuku, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Madzi ankatsika pakhomapo mwakachetechete, kuchokera polumikizana malata ndi njerwa, iwo akuona ndi maso. Pakati pa bedi ndi khoma panali potsenderedwa zitenje zakale zopindapinda, zoti zizimwa madziwo. Matiresi mbali ya kukhomayo anali atasokereredwa matumba a feteleza, bwinobwino ndi singano, ndipo thabwa la bedi mbali imeneyo linali litafumbwa moti chala chinkalowa. Mbali inayo, ya Matewere, inali youma ngati bedi langobwera kumene kwa kalipentala.

Mmisiri uja anapukusa mutu nafunsa, osadziwa kuti akulasa munthu, "Kodi bwana, mbali iyi amagona ndani?"

Matewere anakhala pa chitini cha penti, maso ali pa zitenje zija. China anachizindikira. Chinali chimene anagulira mkazi wake ku Mwanza, chaka chimene anabadwa mwana wachiwiri. Anakumbukira chifuwa cha dzinja lililonse. Anakumbukiranso mawu aja akuti mumadzuka m'mamawa, musamavutike kundidumpha. Manyazi anamugwira, ndipo anamva chisoni chimene anali asanachimvepo.

Mwina mukuganiza kuti anasintha maganizo pomwepo. Ayi, mtima wa mwamuna ndi nthaka ya m'chilimwe, mvula yoyamba imangonyowetsa pamwamba. Anadziuza kuti nyumba ya ku Mpemba ndiye adzayambira kuchipinda. Anatenga zitenje zija n'kukaziyanika kuseri, ntchito n'kupitirira.

Nyumba inatha. Kwa nthawi yoyamba chimangidwire, nyumba ya Matewere inatha yonse, ndipo inathera munthu amene sankamudziwa ndi dzina lomwe. Ajenti anabwera ndi makatani ake oyera ndi maluwa a m'miphika. Anatsitsa zithunzi, anachepetsa mipando kuti pabalaza paoneke potakasuka, pansi anapakitsa polishi. Kenako anatsegula kabati ya magalasi momwe munkakhala mbale za alendo. Mbale zimenezi zinali mphatso ya pa ukwati wawo. Abusa anadyerapo, ankhoswe a ana anadyerapo, koma eni ake anali asanadyerepo n'kamodzi komwe. Ajenti anaziyala patebulo, mbale ziwiri ndi makapu awiri, ngati pali anthu amene atsala pang'ono kukhala pansi. Pomaliza anazika chikwangwani kumsewu chonena kuti nyumbayi ikugulitsidwa.

Ogula sanachedwe kupezeka. Linali banja lachinyamata, ndipo anapangana tsiku lodzaona. M'mawa wa tsiku lomwelo Nangondo anabwerera kuchokera ku Balaka, kuti adzayambe kulongedza katundu wake.

Anatsika minibasi, anayenda kanjira kake ka masiku onse, anadutsa chikwangwani chija. Atafika pabwalo anaima. Anayang'ana khonde lowala, mawindo a makatani oyera, maluwa pakhomo. Kenako anawomba m'manja pang'ono nati, "Odi!"

Mwamva zimenezo? Munthu kuodira pakhomo pake.

Matewere anatuluka nati, "Lowani, Nangondo, mukuodiranso chiyani?"

"Iyayi bambo, kunja kuli matope, ndingadetsere eni ake."

Anavula nsapato, anazinyamula m'manja, nazungulira kuseri monga mwa chizolowezi chake. Atafika pa chitseko cha kukhitchini anaika bondo n'kukankha ndi mphamvu zonse. Chitseko chatsopanocho chinangoti pheku, mayi uja n'kutsala pang'ono kugwera m'kati chafufumimba. Anagwira khoma naseka, kuseka kwenikweni, mpaka misozi. Anachitseka, anachitsegulanso ndi chala chimodzi, nasekanso.

Ndiye anayamba kuyendera nyumba yake ngati mlendo, mwamuna wake akumutsata pambuyo. Anaponda simenti ya kukhitchini ndi mapazi opanda nsapato. Anatsegula mpope, anautseka, nayima kudikira dontho, dontho osabwera. Anayang'ana siling'i. Anaona mbale zake patebulo koma sanazikhudze. Atalowa kuchipinda anapita molunjika pakona paja, naika chikhatho pakhoma. Panali pouma. Anakhala nthawi yaitali dzanja lili pomwepo.

Potembenuka anagwada, mawondo aja akulira, nati, "Zikomo bambo. Ine ndimaopa kuti ndidzafa ndisanaione itatha. Lero ndaiona, mtima wanga wakhala pansi. Mayi amene alowe munoyu ndi wamwayi. Mulungu amusungire nyumbayi."

Ananena zimenezi popanda kachiphiphiritso, popanda mkwiyo. Anathokoza zenizeni. Akanatukwana, Matewere akanapeza choyankha, pajatu amunafe pa mkangano sitisowa mawu. Koma munthu amene wagona m'chinyezi moyo wake wonse chifukwa cha iwe, akagwada n'kukuthokoza kuti wamulola kuona ndi maso zimene wakonzera wina, uyankha chiyani? Matewere anangomugwira mkono n'kumudzutsa.

Nthawi yomweyo galimoto inalira panja. Ajenti anafika ndi ogula aja.

Anaikonda nyumbayo chilowereni. Mwamunayo ankagogoda makoma, mkaziyo ankatsegula mawindo, akunong'onezana za pomwe adzaike bedi la mwana. Ajenti ankamwetulira chifukwa ankaona kuti nsomba yadya nyambo. Nangondo anali ataima pakona pa khitchini, nsapato zili m'manja, kuti asatsekereze njira. Atamaliza kuzungulira, mkazi wa wogulayo anatembenukira kwa Matewere mwaulemu.

"Bambo, funso langa ndi limodzi. Ine ndili ndi mwana wa chifuwa. Kodi nyumbayi sidontha?"

Ha! Mawu amene Matewere anawanena pa bawo zaka zonse zija, lero anali oona kwa nthawi yoyamba. Akanangoti sidontha, malonda akanatha pomwepo. Koma anayang'ana mayi wachitsikanayo, amene ankafunsira mwana wake khoma louma. Anayang'ananso mkazi wake pakona paja.

Anatuluka panja. Anthu anamuona pawindo akuyenda kupita kumsewu. Anagwira chikwangwani chija, anachigwedeza uku ndi uku mpaka chinazuka, nabwera nacho n'kuchigoneka chafufumimba pakhonde. Kenako analowa, navula chipewa.

"Ana anga, pepani kwambiri, ndakutayitsani nthawi. Nyumbayi sidontha, zoona. Koma sindigulitsa. Mwini wake sanakhalemobe."

Ogula aja anayang'anana. Mkaziyo anayang'ana Nangondo ndi nsapato zake m'manja, ndipo ndikhulupirira kuti anamva, chifukwa anakoka mwamuna wake pamalaya natsanzika mwaulemu. Ajenti ndiye anapsa mtima, ndipo anali ndi chifukwa.

"Bambo, mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu! Ntchito yonse ija?"

Matewere anati, "Mwalakwiridwa, mayi, ndipo thukuta lanu sindidya. Koma ndikuthokozeni. Mukanapanda kubwera inu, bedi lija sindikanalikankha."

Ajentiyo sanamve kuti bedi lake liti, ndipo sanafune kumva. Anatsitsa makatani ake, ananyamula maluwa ake, galimoto n'kuliza fumbi. Pa bawo anzake a Matewere anamuseka mpaka kugwa pa mipando, amvekere wakalamba ndi mantha, wagwidwa m'botolo. Za ku Mpemba zinathera pomwepo, ndipo geti lachitsulo sanakhale nalo mpaka lero.

Koma tibwerere tsiku lija. Alendo atapita, mawindo anatsala opanda makatani ndipo pakhomo panalibenso maluwa. Zobwereka zonse zinali zitachoka. Chinatsala ndi denga, khoma louma, chitseko chotseguka ndi chala, ndi mbale ziwiri zija patebulo, pakuti zimenezo zinali zawo. Nangondo anayamba kuzisonkhanitsa kuti azibwezere m'kabati.

Matewere anati, "Zisiyeni. Khalani apa."

Anamukhazika pampando wa alendo, iye n'kulowa kukhitchini. Anachedwako, poti munthu wake sankadziwa pokhala masamba a tiyi ngakhale shuga. Anabwera ndi tiyi wotuwa ngati madzi otsukira mpunga ndi mbatata zosapsa pakati. Anathira m'makapu a alendo aja, nakhala moyang'anana naye.

"Nangondo, khoma lija ndinaliona. Zitenje zija ndinaziona. Zikomo. Ndachedwa nawo mawuwa, koma zikomo."

Nangondo anagwira kapu ija ndi manja awiri, namwa tiyi woipayo mpaka kumaliza. Ali pomwepo mitambo inatseka, mvula n'kuyamba kulira pamalata. Mayi uja anadzambatuka kuti akatenge mabeseni, thupi litazolowera. Matewere anamugwira dzanja nati, "Khalani pansi." Anakhala, namvetsera mvula ikugwa panja pokha.

Kuyambira tsiku limenelo mbali ya kukhoma ankagona ndi Matewere. Inde, sekani, anaitenga itauma kale, wochenjera uja! Nangondo naye anamuseka choncho, koma anamusiya agone.

Ine ndimathokoza Mulungu chifukwa cha munthu ameneyu, pakuti anapatsidwa mwayi umene ambiri sapatsidwa. Inu mukudziwa tsiku limene timatulutsa katundu m'nyumba kuno kwathu. Ndi tsiku la maliro, pofuna malo oyala mphasa za olira. Ambiri bedi limenelo amalikankha tsiku limenelo, n'kuona khoma lakuda mwini mbaliyo atagona pabalaza, makutu atatseka. Pamenepo zikomo amakhala wa anthu odzapepesa, osati wa iye. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa, koma Matewere anachiyeza madzi akadalimo.

Tsono iwe amene umati kwanga sikudontha, mwina n'zoona, mbali yako. M'nyumba iliyonse imene wina amagona pouma muli wina amene anasankha khoma. Mwina ndi mkazi wako, mwina ndi mwamuna wako, mwina ndi mayi ako amene unawasiya kumudzi, mwina ndi mlongo wako amene anasiya sukulu kuti iwe upitirize. Usadikire ajenti kuti adzakuuze zimene wa pakhomo anatopa kunena, ndipo zabwino za m'kabati usasungire anthu odutsa okha. Ukafika kwanu lero, kankha bedi uone. Chimene upezeko ukonze, ndipo mwini mbaliyo umuthokoze akadali ndi makutu akumva.